Tsitsi la a Wailesi

Amuna anga ndi ometa tsitsi, ndipo anthu a mumsewu wathu amawatchula kuti a Wailesi. Dzina limeneli sanalitole panjira ayi, analigwirira ntchito. Ankayamba kulankhula asanatsuke n'komwe m'kamwa, n'kudzasiya tulo titawagwetsa pakati pa nkhani. Za mpira, za galu wa aneba, za mmene ndege imakhalira m'mwamba osagwa, zonse ankazidziwa, ndipo zimene sankazidziwa ndiye ankazifotokoza motalika kuposa zinazo. Ine pa zaka zonse za banja lathu, mawu amene ndinawanena kawirikawiri ndi akuti, "Tatsekani wailesiyo, abale, makutu anga apumeko!" Iwo ankangoseka n'kunena kuti, "A Jaji agamula," poti ine ankanditchula kuti a Jaji. Akatero ankakhala chete mpaka ine nditameza malovu kamodzi, kenako n'kuyambiranso pomwe anasiyira.

Lero ndikamanena kuti ndinafika polakalaka phokoso limenelo mpaka m'chifuwa kupweteka, ena amaseka. Aseke. Sanakhalepo m'nyumba yoti supuni ikagwa pansi munthu umachita kudzidzimuka.

Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi, pakati pa sitolo ya mafoni ndi ya telala. Muli mipando iwiri yozungulira, galasi lalitali lotenga khoma lonse, benchi ya odikira, ndi shelefu ya makina ometera, masizasi, zipeso, sipiriti ndi paudala. Mpando wachiwiriwo unali wa mng'ono wawo, alamu anga, munthu woti tsiku limatha mutamumva mawu osadzaza dzanja. Makasitomala anawapatsa dzina loti a Batire, ati wailesi imalira chifukwa cha iwo. Inali nthabwala chabe ndipo tonse tinkaseka. Alamu ankangoti "Mm" uku akumeta, ndipo "Mm" ameneyo ankawakwanira akulu awo kuti alankhule mpaka dzuwa kulowa.

Koma musaganize kuti a Wailesi sankamva za anthu. Anali ndi kachitidwe kawo. Ankabwebweta pometa pamwamba ndi m'mbali, koma akafika kunkhongo ankaika chala chachikulu pakhosi pa munthu, n'kumuweramitsa mutu, iwo n'kutseka pakamwa. Apo ndiye azibambo ankamasuka. Wina ntchito yamuthera koma kunyumba sananene, wina mwana wake wayamba kuba, wina adokotala amuuza zoopsa. Amuna anga sankabwera nawo maina kunyumba, koma kachitidweko ankandifotokozera monyada.

"A Jaji, munthu mukamuyang'ana m'maso amakuuzani zoti musangalale. Muimireni kumbuyo, muweramitseni mutu, makina azilira. Muona, zonse azithira pansi pamodzi ndi tsitsi."

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri mpaka ndinasiya kuwamva.

Loweruka lililonse akatseka chitseko cha shopu, abale awiriwa ankametana. Wina akhale, wina amete, kenako asinthane. Chiyambire unyamata wawo, palibe dzanja lina limene linakhudzapo mutu wa amuna anga.

Alamu anangodwala pang'ono n'kutisiya. Amuna anga sanalire. Ndi amene ankathamanga ndi zonse, kulandira anthu, kutonthoza achemwali awo, kuseketsa ana kuti adye. Sabata isanathe anatsegula shopu, ndipo ankalankhula kuposanso kale. Anthu ankati koma bambo awa ndi olimba mtima. Inenso ndinkavomereza, n'kumanyadira ndithu.

Zinadzayamba patapita miyezi, ndipo zinabwera ngati mmene kolala ya shati imathera: umangozindikira tsiku lina kuti yang'ambika. Ine ndimasita zovala pamalo ena ochapira zovala za anthu, ndiye ndimaweruka madzulo. Ndinayamba kuwapeza atabwerako kale, ati kunalibe anthu. Chakudya ankangochitokosa. Mpira ukamaonetsedwa pa kanema ankauyang'ana ngati akuonera khoma. Kenako tsiku lina telala woyandikana nawo uja anandiimbira foni ndili kuntchito.

"Mayi, bambo ali bwino? Asiya munthu pampando atamumeta mbali imodzi. Angoika makina pansi n'kutuluka, osanena kanthu. Shopu ndatseka ndine."

Ndinathamangira kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza ali pampando wa pawindo pabalaza, atavala chipewa chaulusi mpaka m'makutu, manja ali pamawondo. Kuyambira tsiku limenelo mpando umenewo ndiwo unakhala kwawo.

Poyamba ndinapsa mtima, poti kupsa mtima ndiye ntchito imene ndimaidziwa bwino. Ndinati ndi ulesi. Kenako ndinati pali mkazi wina amene wawakana, ndipo foni yawo ndinaifufuza mpaka pansi. Ndinangopezamo makasitomala oimba osayankhidwa. Mkwiyo utatha panabwera mantha, ndipo mantha aja anandisandutsa munthu waulemu woti ngakhale ine sindinkamudziwa. Ndinasiya kuwatchula kuti a Wailesi. Ndinayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba mwanga momwe. Ndikaweruka ndinkakoka kampando n'kukhala patsogolo pawo penipeni, mawondo kugundana, n'kuwayang'ana m'maso.

"Bambo, chavuta n'chiyani? Tandiuzani."

"Palibe."

"Pakupweteka ndi pati?"

"Palibe. Ndangotopa."

Mwana wathu wamkazi, amene ali pabanja pake mbali ina ya tauni, ankabwera akapuma kuntchito. Nayenso pakampando pomwepo, atawagwira manja, misozi ili lengelenge. "Adadi, tiuzeni, tikuthandizeni." Iwo ankamusisita dzanja n'kunena kuti palibe. Achemwali awo aakulu nawonso anabwera ndi mawu awo okuluwika aja. "Achimwene, limbani mtima, ndinu mwamuna. Tonsefe taferedwa, koma mukutiona tikuyenda." Tinkachita kusinthana pakampando paja ngati alonda, azimayi atatu maso tong'o pa munthu mmodzi. Iwo ankangomira m'chipewa muja.

Abale, ndinawasowa amuna anga iwo ali pompo. Ndinasowa likhweru lawo la kubafa, losatsata nyimbo iliyonse. Ndinasowa mmene ankawerengera mokweza zikwangwani zonse tikakwera basi, ngati enafe sitinapite kusukulu. Ndinasowa kubwera kwawo kuntchito kwanga masana, kudzasokoneza anzanga ndi nkhani zabodza mpaka wina kupsereza malaya a kasitomala. Tsiku lina ndinanena dala kuti goloboyi amaloledwa kugwira mpira ndi manja paliponse m'bwalo. Kale akanadumpha, akanandijambulira bwalo lonse patebulo ndi chala. Tsiku limenelo anangoti, "Mwina." Mwina! Ndinalowa kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti asandimve ndikulira.

Chimene chinandifikitsa kuchipatala ndi thupi langa, osati nzeru. Mutu unkandipweteka, magazi akuthamanga. A nesi amene anandiyeza, mayi wachikulire wa magalasi, anangondifunsa kuti, "Kunyumba kuli bwanji?" Basi, ndinakhuthula zonse ngati beseni lagudubuzika. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Sindinganene motsimikiza ndisanawaone," anatero, "koma zimene mukufotokozazi zikufanana ndi matenda a maganizo amene timawaona kawirikawiri. Chisoni chimatha kukhazikika mwa munthu n'kusanduka matenda. Amasowa mphamvu, amasowa chilakolako cha chakudya, zimene ankazikonda zimasukuluka. Si ulesi, komanso si kufooka kwa mwamuna."

"Ndiye kuti ayamba misala?" Ndinafunsa motsitsa mawu, ndikuyang'ana kuchitseko.

"Ayi, mayi. Ndi matenda ngati anuwa, kungoti awa amagwira maganizo. Amachizika. Pali uphungu, pena pamafunikanso mankhwala, ndipo zimatenga nthawi. Koma abwere okha, sitingawachize kudzera mwa inu. Chinanso, muwafunse mosapita m'mbali ngati amaganizapo zochotsa moyo wawo. Kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Akavomera, musawasiye okha, mubwere nawo tsiku lomwelo."

Funso limenelo ndinalinyamula ngati khala lamoto. Ndinalephera kulifunsa. Za kuchipatala zokha ndi zimene ndinawauza, nditakhala pakampando kanga kaja.

Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuvula chipewa. Mayo ine! Ndinali ndisanauone mutu umenewo kwa nthawi yaitali, poti ankagona nacho chipewacho. Tsitsi linali litakula n'kupotana, mbali ina litaphwatalala, imvi zili mbuu zimene sindinkadziwa kuti ali nazo.

"Ndidutse mumsewu ndi mutu uwu?" anatero. "Mitu yonse ya mumsewu muno ndi yanga."

"Muvala chipewa."

"Pamaso pa dokotala munthu amavula chipewa."

Anachivalanso n'kutembenukira kuwindo. Koma ine ndinasangalala mwa uchitsiru, ndinati vuto ngati ndi tsitsi, ometa ndi ambiri. M'mawa mwake ndinakatenga wometa wa kutsidya kwa msewu, bambo waulemu ndithu, amene anatseka shopu yake n'kubwera ndi chikwama cha zida. Amuna anga atangomuonera pawindo anadzuka, liwiro loti ndinali nditaliiwala, n'kukadzitsekera kuchipinda. Ndinagogoda, ndinanyengerera, ndinachita manyazi. Mawu anatulukira kuseri kwa chitseko.

"Muuzeni apite. Mutu uwu uli ndi mwini wake."

Mwini wake ali kumanda. Ndinaima pachitseko paja ngati wathiridwa madzi ozizira. Wometa uja anamwa tiyi wake mwakachetechete, n'kundipepesa ngati wolakwa ndi iye, n'kumapita.

Loweruka lotsatira ndinaweruka masana. Kiyi wa shopu ndinali nditamupeza m'thumba la buluku lawo pochapa, ndipo miyendo inangonditengera kumeneko. Ndinkadziuza kuti ndikukatsegula mawindo kuti mupite mphepo. Chitseko chinalimba, ndinachita kuchikankha ndi phewa. M'katimo munkanunkhirabe sipiriti ndi paudala, fungo la malaya a amuna anga. Fumbi linali litakuta galasi. Makina anali pomwe anawasiya tsiku lija, chingwe chili lendelende, tsitsi la munthu wometedwa mbali imodzi uja likadali pansi. Pamsomali panali jasi loyera la alamu, chipeso chili m'thumba la pachifuwa. Zinthu za mng'ono wawo sanasunthepo n'chimodzi chomwe. Ndiye kuti miyezi yonse ija ankameta anthu jasi limenelo likuwayang'ana m'galasi, iwo n'kumalankhula, kulankhula, popanda woti "Mm".

Ndinakhala pabenchi ya odikira. Ndinalakalaka chitseko chitatseguka, awiriwo alowe akukangana za mpira, mmodzi ndi pakamwa, wina ndi mutu. Ndinalakalaka atandithamangitsa kuti a Jaji, muno si mwa azimayi, mukutiopsezera makasitomala. Kunja magalimoto ankangodutsa.

"Alamu, mwatipweteka," ndinatero mokweza, ndikuyang'ana jasi lija. "Munapita ndi munthu wanga, mwandisiyira chipewa."

Kenako mkwiyo wanga wakale uja unabwerera, ndipo ndinaulandira ngati mlendo wokondedwa. Ndinatenga makina, nsalu yofunditsa, burashi, kabotolo ka mafuta, sipiriti ndi kagalasi ka m'manja, n'kuponya zonse m'chikwama. Ngati akukana wometa, ametedwa ndi wosita.

Kunyumba sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinachotsa galasi la kuchipinda n'kuliimika patebulo, nditalitsamiritsa kukhoma. Ndinakoka mpando wa patebulo n'kuuika patsogolo pake.

"Khalani apa."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana makina aja. Kaya ndi mawu anga amene anali atabwerera mwakale, kaya analibe mphamvu zokana, koma anadzuka n'kudzakhala. Ndinawafunditsa nsalu, kuimanga pakhosi, n'kuvula chipewa chija ndekha. Ndinaima kumbuyo kwawo, osati chifukwa cha nzeru ina iliyonse, koma poti wometa alibe pena poima.

Nditayatsa makina ndinatsala pang'ono kuwaponya pansi, ankanjenjemera m'manja ngati kanthu kamoyo. Ndinalimba mtima, kuwaika pamphumi, n'kuwakankha mpaka paliwombo. Tsitsi linagwa chimulu. Pakati pa mutu panatsala msewu woyera, woti njinga n'kudutsa.

"Chipeso," anatero.

"Chiyani?"

"Simunaike chipeso kumano kwa makinawo. Mwapala mpaka pachikopa."

"Nanga munali kuti pamene ndimayamba? Pakamwa munabwereketsa?"

Mawu atatuluka ndinadzigwira pakamwa. Miyezi yonse ya ulemu ija inathera pomwepo. Ndinasuzumira m'galasi mwamantha, koma iwo sankayang'ana ine, ankayang'ana msewu uja, nkhope itakwinyika ngati ya mmisiri woona ntchito yowonongeka.

"Basi, palibenso kuchitira mwina. Metani mpala."

Ndinapitiriza. Sipanapite nthawi anayambanso.

"Musakanikize, si simbi imeneyo."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Yambirani pansi, muzikwera. Donthezani mafuta kumanoko, akuluma."

Ndinadontheza mafuta. Mawu amenewa anali ochepa, otsika, osasa ngati a munthu wongodzuka kumene, koma anali awo. Ndinkafuna ndilakwitsenso kuti andidzudzulenso.

Pamwamba ndi m'mbali nditamaliza, panatsala kunkhongo. Sindinkaona bwino, ndiye ndinaika chala chachikulu pakhosi pawo n'kuwaweramitsa mutu. Thupi lonse linauma gwa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka pansi pa nsalu.

"Lero ndi Loweruka, eti?" anafunsa.

"Ee."

"Iye ankagwira pomwepo. Chala chake chinali chozizira nthawi zonse. Ndinkamunena."

Ndinamva madontho akugwera pansalu. Amuna anga, amene sanalire pa maliro a mng'ono wawo, ankalira atayang'ana mawondo awo. Mtima wanga wonse unathamangira kutsogolo, kuti ndikagwade, ndiwagwire nkhope, ndiwapukute. Chala changa chinali kale pa batani ndipo phazi limodzi linali litanyamuka.

"Musazimitse," anatero. "Musabwere kutsogolo. Khalani komweko."

Ndinabweza phazi. Makina anapitiriza kulira m'dzanja langa, osameta kanthu. Apo m'pamene mawu awo akale aja anandibwerera, aja ndinawamva mpaka kusiya kuwamva, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisalankhule.

"Mukakhala patsogolo panga muja ndimaona mantha anu," anatero. "Inu, mwana, achemwali. Ndiye ndimati ndiwonjezerenso? Ndimangoti palibe." Anapuma. "Ndikadzuka m'mawa zimakhala ngati wina wandisanjikiza matumba a simenti pachifuwa. Kusamba kokha ndimachita kukonzekera ngati ulendo. Mawu ndimawaona, koma ali kutali, ndikati ndiwatenge ndimatopa ndisanafike. Tsiku lija kushopu ndinanena nthabwala, anthu anaseka, ine n'kudikira uja ati 'Mm'. Ndinadikira, ndinadikira. Kenako ndinaiwala kuti makina amagwiridwa bwanji."

Ndinkafuna kunena zambiri. Kuti zitha, kuti ndilipo, kuti bwanji simunanene. Koma ine a Jaji, wogamula milandu isanafike, ndinangomva pakhosi panga patuluka kamawu kamodzi.

"Mm."

Analira kwambiri atamva zimenezo, ndipo analankhulanso. Anati amadziona ngati katundu m'nyumba mwake momwe. Anati chakudya changa sichinasinthe, koma m'kamwa mwawo ndi mmene munafa. Anati amachita manyazi ndi telala, ndi makasitomala, ndi mwana wathu amene amawononga masiku ake opuma kudzayang'ana bambo wongokhala. Ine ndinkayendetsa makina pang'onopang'ono pamalo ometa kale, kuti ntchito isathe.

Funso la a nesi lija linali likundiotchabe. Ndinayang'ana pankhongo pawo, pamene panali kachipsera ka ubwana kamene ndinali ndisanakaonepo zaka zonsezi, n'kulifunsa kachipserako.

"Mumaganizapo zochotsa moyo wanu?"



"Pena ndimalakalaka nditangogona osadzukanso," anatero. "Sindinakonze chilichonse, ndipo sindikufuna kukusiyani. Koma maganizowo amabwera, ndipo amandiopsa."

"Akabweranso muzindiuza."

"Ndizikuuzani bwanji?"

"Muzingoti tsitsi lakula."

Misozi yanga inagwera pampala pawo. Ndinafulumira kuthirapo sipiriti n'kunamizira kuti ndi ameneyo akundilowa m'maso. Iwo anati "Asa!" chifukwa ndinali nditawacheka kuseri kwa khutu.

Nditazimitsa makina, ndinawapatsa kagalasi ka m'manja. Anadziyang'ana kumanzere, kumanja, n'kutembenuka kuti aone kumbuyo. Kunena zoona mutuwo unali ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera. Apa pasalala, apa patsala kachitsamba, khutu lina lili ndi magazi. Anauyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira.

"A Jaji," anatero, "ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pa tsitsi lawo, n'kuseka uku ndikulira. Dzina langa linali litabwerera.

Musaganize kuti anachira tsiku limenelo. Madzulo ake anadya pang'ono chabe, ndipo Lamulungu lonse anakhala pawindo ali duu. Kwa a nesi aja kunali kotseka mpaka Lolemba, ndiye ine sindinawasiye okha, ndinkangopeza tintchito ta pabalaza. Lolemba m'mawa ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinawasitira shati yoyera, n'kuima pakhomo ndi chikwama changa. Anatenga nthawi kumanga nsapato, nthawi yoti kale ndikanalalata. Anatenga chipewa chija, kuchitembenuza m'manja, n'kuchiika m'thumba la jekete.

Msewu wathu ndi waufupi, koma tsiku limenelo unatalika. Ankayenda atayang'ana pansi, ine pambali pawo. Tikudutsa pashopu yotseka ija, telala anatulutsa mutu pawindo, tepi ili m'khosi.

"A Wailesi! Mwaoneka! Koma abale, wakumetani ndani? Tikamumangitse!"

Ndinaona dzanja lawo likupita kuthumba kuja kuli chipewa. Linaima panjira.

"Wophunzira," anayankha motsitsa. "Ndi wamwano, koma sindingamuchotse ntchito."

Telala anaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga sanaseke, koma chipewa chinakhala m'thumba.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka anatiitana. Anali a nesi a magalasi omwe aja. Anatilandira bwino, n'kutipatsa mipando iwiri patsogolo pa tebulo lawo. Anapinda manja, n'kuwayang'ana amuna anga mokoma mtima.

"Bambo, takulandirani. Tandiuzani, mukumva bwanji masiku ano?"

Ndinaona mapewa aja akukwera, khosi likumira. Maso awo anathawira pakalendala ya pakhoma, kenako kuchitseko.

"Palibe," anatero. "Ndangotopa."

Mtima wanga unagwa. Ulendo wonse uja, tsitsi lonse lija, kudzathera pa mawu omwewo! A nesi sanafulumire, anangodikira. Ine ndiye sindikanatha kudikira. Ndinaika chikwama pansi, ndinadzuka, n'kuzungulira mpando wawo.

"Pepani a nesi, musadabwe," ndinatero. "Kwathu timalankhula chonchi."

Ndinaima kumbuyo kwawo, n'kuika chala chachikulu pakhosi, pamunsi pa kachipsera kaja. Ndinakankha pang'ono, mutu n'kuwerama. A nesi anatiyang'ana kamodzi, kenako anatsitsa maso n'kuyamba kufunafuna cholembera m'dilowa, mosafulumira. M'chipindamo munalibe makina olira, munali fani yokha kudenga.

Pansi pa chala changa ndinamva akumeza malovu.

"Ndinali ndi mng'ono wanga," anayamba. "Tinkameta limodzi."

"Mm," ndinatero.